Mphunzitsi ndi wabwino, koma mtsikana wolemba mayina pakhomo uja ayi

Ndadikira dala kuti mtima utsike ndisanalembe za maphunziro a kuyankhula pagulu amene ndinachita kuno ku Mangochi, chifukwa ndikanalemba tsiku loyamba lija ndikanapereka nyenyezi imodzi basi.

Ine ndimapikula chambo ndi usipa kwa asodzi a ku Makawa n'kumaperekera m'maloji a mumsewu wa ku Monkey Bay. Nsomba ndimazidziwa, koma mukandiimika pamaso pa manijala lilime limauma, mtengo umene ndinawerengera bwinobwino usiku n'kundithawa. Ndiye nditaona uthenga wa maphunziro a kuyankhula pagulu aja pa WhatsApp, K60,000 yawo ija ndinatumiza pa Mpamba tsiku lomwelo.

Kufika pa holo pa boma m'mawa, mtsikana wolemba mayina akuti langa palibe. Ndamuonetsa uthenga wa ndalama pa foni, iye osayang'ana n'komwe, amvekere, "Mayi, taimani kaye pambali." Dzuwa la Okutobala la kuno ku Mangochi mukulidziwa. Ndinaima panja pafupifupi ola lathunthu, azibambo a mataye akungolowa. Kaya chitenje changa ndi chimene chinamuuza kuti ndasochera, kaya. Mpaka lero sanapepese.

Zenizeni zinachitika tsiku lachiwiri. Aphunzitsi anati aliyense atsatse malonda ake kwa mphindi ziwiri iwo akujambula pa foni, kenako kanemayo n'kumuonetsa pakhoma anthu onse akuona. Itafika nthawi yanga ndinasowa pobisala. Ndinadziona nditazyolika, zala zikupotokola nsonga ya mpango, mphindi yoyamba yonse ikuthera kupepesa: "Pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali, pepani ndikutayitsani nthawi." Mtengo wa chambo ndinautchula kumapeto, chapansipansi, ngati ndikuulula mlandu. Wina kumbuyo anaseka. Mtima unandiwawa kwambiri moti ndinaimirira n'kunena kuti, "Bambo, kwathu kuno munthu wamkulu sitimuyang'ana m'maso, ndi mwano umenewo."

Iwo sanatsutse. Anati ulemu wanga ndiusunge, uli kale m'moni ndi m'mawu anga, koma wogula akaona wogulitsa akubisa nkhope amayamba kukayikira kuti nsombazo zagonera. Mawu amenewo anandilowa, chifukwa inenso msodzi akamandithawitsa maso ndimayamba ndanunkhiza dengu lake. Ndiye anandiimikanso. Moni, dzina, chimene ndabweretsa, makilo angati, tsiku loperekera, mtengo. "Mukatchula mtengo, mayi, khalani chete, muwerenge mumtima mpaka kasanu. Musadzitsitsire nokha asanakupempheni." Ndinabwereza kanayi. Ulendo wachitatu magetsi anathima, fani n'kuima, thukuta lili kamukamu, koma anati tipitirize, kwa kasitomala sikukakhala pulojekita. Ulendo wachinayi mawu anatuluka osanjenjemera, ndipo bambo anaseka uja ndi amene anayamba kuomba m'manja.

Chinanso ndinakonda, sanatikakamize Chingerezi. Bambo wina wa hadiweya wa ku Namwera anayamba mwachibwibwi, atamuuza kuti ayambe m'Chiyao kaye anasanduka munthu wina.

Patatha milungu iwiri ndinapita ku loji ina cha ku Nkopola kumene anandibwezapo kawiri. Ndinatchula mtengo n'kutseka pakamwa. Mtima ukugunda, ine ndikuwerenga. Manijala anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati ndingakwanitse kubweretsa Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Sindinatsitse olo kwacha imodzi.

Komabe okonza maphunzirowa asinthe. Chakudya chamasana chimene analonjeza chinali Fanta ndi banzi. Tsiku lomaliza linali Lachisanu, ndipo sanaganize zopumira nthawi ya Juma, kuno ku Mangochi, moti anzathu ambiri achisilamu anatuluka phunziro la kayankhidwe ka mafunso lili mkati, ndalama atalipira yofanana ndi tonsefe.

Nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za aphunzitsi aja. Akabweranso ndidzatumiza mng'ono wanga amene amandithandiza pa geni, koma ndidzamuperekeza ndekha mpaka alowe. Setifiketi yanga sinafikebe. Ndaimba katatu, ndipo amene amayankha foni ndi mtsikana yemwe uja.