Star Wars: Muyambire Filimu ya 1977 Kapena ya 1999?

Nkhani ya Anakin Skywalker, ngwazi imene inasanduka munthu woipa wotchedwa Darth Vader, ili m'mafilimu asanu ndi limodzi, ndipo pali njira ziwiri zowaonera. Yoyamba ndi kutsata zaka zomwe anatuluka: 1977, 1980, 1983, kenako 1999, 2002 ndi 2005. Yachiwiri ndi kutsata moyo wake, kuyambira filimu ya 1999 ali kamnyamata kaukapolo kudziko la Tatooine.

Nthawi: n'chimodzimodzi, mafilimu ndi omwewo.
Chinsinsi: yoyamba imasunga nkhani ya bambo ake a Luke, ngwazi ya mafilimu atatu akalewo, mpaka filimu ya 1980, yachiwiri imaulula msanga.
Maonekedwe: yoyamba imayamba ndi tizombo topangidwa pamanja, yachiwiri imakuchotsani pa zapakompyuta n'kukubwezerani ku zakale, ndipo ana ena amagwa nazo ulesi.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kugwa kwa Anakin. Mu Revenge of the Sith, filimu ya 2005, Anakin amalota mkazi wake Padmé akumwalira pobereka, ndipo Palpatine, mtsogoleri wandale wachinyengo, amamunyengerera kuti mphamvu zamdima zingamupulumutse. Mantha otaya wokondedwa ndiwo amamugwetsa. Mukatsata zaka, mumadziwiratu kumene akulowera, choncho mtima umawawa nthawi iliyonse akamamvera Palpatine. Mukayambira 1999, mumakhalabe ndi chiyembekezo mpaka Obi-Wan, mphunzitsi wake, atamusiya akupsa m'mbali mwa chiphalaphala chamoto kudziko la Mustafar. Gawo limenelo ndi lopweteka zedi.

Amene simunaonepo, tsatani zaka. Ineyo ndimalimbikitsa njira imeneyi. Odziwa kale chinsinsicho ayambire 1999, kuti atsirizire pa filimu ya 1983 pomwe Vader amapulumutsa mwana wake Luke.