Siliva weniweni, wongokutira kapena stainless? Yambani mwatembenuza supuniyo

Mnzanga wina anandiitana kuti ndidzaone bokosi la masupuni ndi mafoloko limene anamusiyira azakhali ake, bokosi lamatabwa lokongola, mkati kansalu kofewa kobiriwira, chilichonse chili pamalo pake, iye amvekere aise apa nde ndalemera, zonsezi ndi siliva. Ine osayankha, ndinangotola supuni imodzi n'kuitembenuza. Kumbuyo kwa chogwirira kuli timalemba tinayi, EPNS. Ndinasowa poyambira kumuuza chifukwa nkhope yake inali itawala kale kuposa masupuniwo.

Chimasokoneza anthu n'choti mawu oti silver amangomatidwa paliponse. Ku America olo supuni ya stainless amangoti silverware, ku Britain amati cutlery, ogulitsa ena amati flatware kutanthauza masupuni, mafoloko ndi mipeni, pomwe hollowware ndi zija zokhala ndi mimba, tiyipoti, jagi, mbale ya shuga. Mayina onsewa sakukuuzani kuti chinthucho ndi chitsulo chanji. Chimene chimakuuzani ndi tizidindo ta kumbuyo tija, timene ambirife sitimatiyang'ana n'komwe.

Tiyambe ndi sterling, ameneyu nde siliva weniweni amene anthu amanena. Pa magawo 1000, magawo 925 ndi siliva, 75 otsalawo nthawi zambiri amakhala mkuwa, chifukwa siliva payekha ndi wofewa moti mano a foloko akhoza kupindika mukangolimbana ndi nyama yolimba. Mukaona 925 kapena mawu oti Sterling, muli pabwino. Za ku England zambiri zimakhala ndi kamkango koyenda katakweza mwendo umodzi wakutsogolo, kameneka kanayamba mu 1544, ndipo pambali pake pamakhala chidindo cha mzinda umene anayesera chitsulocho. Mutu wa kambuku ndi London, ndipo unayamba kalekale mu 1300 nthawi ya mfumu Edward I. Nangula ndi Birmingham, zoseketsa chifukwa mzindawo uli kutali ndi nyanja, Sheffield inali korona mpaka 1974 kenako anasintha n'kuika duwa la rozi, Edinburgh ya ku Scotland ndi linga la nsanja zitatu. Pamabweranso chilembo chimodzi choimira chaka ndi zilembo za mmisiri. Palinso siliva wotchedwa Britannia amene ndi 958, ku England anamukakamiza mu 1697 mpaka 1720 poti amisiri ankasungunula ndalama zasiliva n'kumapangira ziwiya. Za ku Germany mupeza 800 ndi kamwezi ndi korona, za ku France kamutu ka Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma akale. 800 ndi siliva ndithu, kungoti mkuwa wachulukirapo.

Nde EPNS ija. Kutanthauza electroplated nickel silver, ndipo msampha uli pa mawu awiri omalizawo, nickel silver mulibe siliva olo kadontho, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel ndi zinki, kungoti mtundu wake umaoneka woyera. Ena amautchula German silver, ena alpaca, chinthu chake chomwecho. Nde amatenga supuni yachitsulo chimenechi n'kuiviika m'madzi a mankhwala, n'kudutsitsamo magetsi, siliva n'kumata pamwamba kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi. Njirayi anaitchukitsa a Elkington a ku Birmingham amene anatenga patent, chikalata cha umwini wa njirayo, mu 1840, ndipo kuyambira pamenepo banja wamba linayamba kukhala ndi tebulo lonyezimira ngati la mabwana. Opanga ena anali ochenjera zedi, amaika tizidindo tinayi mondandalika, tokhala m'timabokosi ngati ta sterling, munthu ukaona patali umangoti eee ndi yeniyeni, ukayandikira ndi galasi lokuzira upeza ndi E, P, N, S zolembedwa mokhotakhota, kamkango kulibe. Mukaona chidindo cha A1, ndi opanga akudzitama okha kuti akutira bwino. Ndipo mukaona 90 pa masupuni a ku Germany musaganize kuti ndi 90 peresenti, ndi magalamu 90 a siliva amene anagawidwa pa masupuni 12 ndi mafoloko 12.

Wokutira amadziulula yekha akakalamba. Yang'anani kunsi kwa mimba ya supuni pamene imagunda tebulo, ndi kunsonga kwa mano a foloko, mupeza kamalo kachikasu pang'ono kosawala, pamenepo siliva watha, chitsulo chamkati chasuzumira. Sterling olo mumukweche zaka 100 mkati mwake ndi yemweyo.

Osasokoneza ndi Old Sheffield plate, imeneyo ndi nkhani ina. Thomas Boulsover cha m'ma 1743 anapeza kuti siliva ndi mkuwa ukaziotcha pamodzi zimagwirana n'kumaphwanthika ngati chitsulo chimodzi. Izi mumazipeza kwambiri pa mathireyi, zoikapo makandulo ndi matiyipoti, zikaperepeseka m'mbali mumatuluka kufiira kwa mkuwa, ndipo otolera zakale ena amakukonda kufiirako.

Wachitatu ndi stainless, amene ambiri tili naye m'madirowa. Harry Brearley wa ku Sheffield ndi amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi, mu 1913, ndipo iye sankafuna za masupuni, ankafufuza chitsulo cha mipope ya mfuti. Manambala aja olembedwa pa stainless, 18/10, 18/8, 18/0, yoyamba ndi peresenti ya chromium amene amaletsa dzimbiri, yachiwiri ndi ya nickel amene amapatsa kuwala ndi kuwonjezera kulimba ku mchere ndi zowawasa. 18/10 ndi 18/8 musamavutike nazo, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, pena ndi kutsatsa malonda chabe. 18/0 nde mulibe nickel, ndi yotchipa, imachita timadontho msanga, koma kwa amene khungu lawo limadana ndi nickel ndi yomweyo yabwino. Tengani maginito, 18/0 imakakamira nganganga, 18/10 siigwira kapena imangokoka pang'ono. Koma chenjerani, maginito sangakuuzeni kuti ichi ndi sterling, chifukwa siliva sagwira, nickel silver nayenso sagwira, 18/10 chimodzimodzi. Ndaonapo anthu akusangalala kuti maginito wakana nde ndi siliva, ayi ndithu.

Ndipo ngati mumadabwa kuti bwanji mu seti yonse mipeni ndi imene imayamba kuchita timadontho ta dzimbiri, n'chifukwa choti mpeni amaupanga ndi chitsulo china cholimba, chromium wake cha m'ma 13 peresenti, kuti uthe kunoleka. Kuthwa kumeneko mumalipira ndi dzimbiri mukausiya wonyowa usiku wonse.

Tsopano tiziike pamodzi patebulo. Kuda, siliva yense amada, weniweni ndi wokutira yemwe, chifukwa amagwirana ndi sulufule wa mumpweya, m'mazira, mu anyezi ngakhale mu labala, nde musamange masupuni asiliva ndi kalabala kaja, kamasiya mzere wakuda wovuta kuchotsa. Dyerani dzira lowiritsa ndi supuni yasiliva muone, nsonga imada pompopompo ndipo mkamwa mumamveka kakomedwe kachilendo, n'chifukwa chake kale timasupuni ta mazira ankatipanga ta nyanga kapena kupaka golide mkati, monganso timasupuni ta mchere poti mchere umadya siliva. Stainless alibe nazo ntchito zonsezi. Kutentha, siliva amatenga kutentha msanga kuposa chitsulo china chilichonse, ikani supuni ya sterling mu tiyi wamoto, musanamalize kutakasa chogwirira chatentha kale, ya stainless imachedwa. Makina otsukira mbale, stainless lowetsani, wokutira amaperepeseka msanga, sterling ine sindingayerekeze. Kugulitsanso, sterling olo itaphwanyika ili ndi mtengo wa kulemera kwake, EPNS wosula sangaigule chifukwa siliva wake ndi wochepetsetsa, stainless nde musafunse. Kukonza, sterling mmisiri amawongola ndi kuwotcherera, EPNS mukhoza kukaikutitsanso koma nthawi zambiri ndalama yake imaposa mtengo wa supuniyo.

Pa zopakulira mpamene ine ndimaona kuti siliva ali ndi malo. Chipande cha supu, kachipande ka msuzi kokhala ndi kamlomo kothirira, supuni yaikulu yopakulira ndi inzake yobowolabowola yotsanulira madzi, chonyamulira keke chathyathyathya, chopanira shuga, kampeni kobuntha ka batala, foloko ya mano awiri ataliatali yogwirira nyama podula. Izi sizilowa mkamwa, sizitsukidwa katatu patsiku, ndipo ndi zimene alendo amaziona zili pakati pa tebulo. Kugula seti yonse ya sterling ya anthu 12 kwa ine ndi kudzipatsa ntchito yopukuta, koma chipande chimodzi chabwino ndi masupuni awiri opakulira, apo nde ndikuvomera.

Mipeni ya chogwirira chasiliva samalani nayo. Chogwiriracho ndi champhako mkati, kachikopa kasiliva kodzazidwa phula kapena simenti yomata mpeniwo. Ine ndinaphunzira mowawa, ndinamva za njira ija yoyala foyilo ya aluminiyamu m'beseni, kuthira madzi owira ndi soda, n'kuikamo siliva kuti kuda kusamukire pa foyilo. Imagwiradi ntchito, kafungo ka mazira owola kamatuluka, masupuni n'kuyera mbee. Koma ine ndinaponyamo ndi mipeni yomwe, potulutsa mipeni iwiri ili gwedegwede, phula linasungunuka. Choipitsitsa, supuni ina ya maluwa imene ndinkaikonda inatuluka yoyera paliponse, kuda kwa m'mikwasa kumene kunkachititsa maluwawo kuoneka kunapita, inangokhala ngati yapulasitiki. Zoikapo makandulo zolembedwa weighted nazonso ndi choncho, kulemera kwake ndi zodzaza mkati.

Mpamene ndinayamba kuyang'anitsitsa zokongoletsazo, ndipo nazonso chinsinsi chake chili kumbuyo komweko. Anthu chilichonse amangoti engraved, pomwe njira zake n'zosiyana kutalitali. Engraving ndi kuzokota, mmisiri amatenga kachitsulo kosongoka n'kumadula, kaulusi ka siliva kamachoka ndithu, mzere wake ndi wakuthwa, umayamba mopyapyala n'kunenepa n'kutheranso mopyapyala, mukatembenuza kumbuyo kuli see, palibe chikuoneka. Chasing sachotsa kanthu, amakhoma kuchokera kutsogolo ndi kahamala ndi tizitsulo tobuntha, chitsulo chimangokankhidwira pansi ndi m'mbali, m'mphepete mwa mzere mumakhala mofewa mozungulira, ndipo pa thireyi yopyapyala mukaitembenuza mumaona mthunzi wa maluwawo. Repoussé ndi kukhomera kumbuyo kuti kutsogolo kutupe, amagoneka chitsulo pa phula kuti chisabooke, akamaliza amatembenuza n'kukonza tsatanetsatane ndi chasing, nde ziwirizi zimayendera limodzi. Suzumirani mkati mwa tiyipoti yotere, pamene kunja kuli duwa lotupa mkati muli dzenje lofanana nalo. Ngati kunja kwatupa koma mkati muli mosalala, ndiye kuti anaumba pachikombole n'kumatapo.

Nanga cha manja ndi cha makina? Ikani masupuni awiri pafupi. Ngati tsamba lililonse, kadontho kalikonse n'kofanana ndendende, imeneyo ndi makina odinda, ndipo mapatani otchuka ngati King's pa masupuni ambiri ndi odinda, si chinthu choipa ayi, kungoti musalipire ngati kuti munthu anakhala sabata akukhoma. Cha manja mupeza tsamba lina lapendama pang'ono, mzere wina wapitirira. Palinso etching imene amadyetsa asidi, pansi pa mzere wake pamakhala pokhakhala. Piercing ndi kuboola ndi kasowo kang'ono, ngati pa chonyamulira nsomba. Filigree ndi timawaya topota towotcherera, tokongola koma kutsuka kwake ndi chilango. Niello ndi zakuda zija zodzazidwa m'mizere, zosakaniza sulufule, siliva, mkuwa ndi mtovu, mzinda wa Tula ku Russia unatchuka nazo, ndipo imeneyo musayese kuiyeretsa, kudako n'kwadala.

Ine pa zonsezi mtima wanga uli pa bright-cut, kazokotedwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kamene amadula mopendeketsa kuti kamalo kalikonse kazibweza kuwala, supuni ukaipendeketsa pawindo imachita kuthwanima ngati ili ndi timiyala. Vuto lake ndi lomwe lija, popeza ndi zodula, kupukuta kwambiri kumazifafaniza, nde mukapeza yoti mizere idakali yakuthwa dziwani kuti mwini wake sankaikwecha. Chenjeraninso ndi ma berry spoon aja odzaza zipatso zotupa m'mimba mwake, ambiri anali masupuni osalala akale, anthu a nthawi ya mfumukazi Victoria ya ku Britain n'kudzawakhomamo zipatso pambuyo pake, chidindo chikunena chaka china, maluwa ndi a chaka china. Ndipo pamene afufutapo zilembo za mwini wakale, yendetsani chala, mumva kadzenje, pena ukapumirapo mpweya mthunzi wa zilembozo umaonekera.

Nde mukandifunsa, za tsiku ndi tsiku ndi 18/10 yonenepa bwino, yoti mukaipinda ndi zala ikukanireni, basi. EPNS ndi yabwino ngati mukufuna tebulo liwale pa tsiku lapadera ndipo mwaigula mukudziwa kuti ndi yokutira, yang'anani kaye pansi pa mimba ngati sipanachite chikasu. Sterling, zochepa zopakulira, zosungidwa m'kansalu kofewa, kutsuka ndi manja n'kupukuta nthawi yomweyo.

Mnzanga uja tinakhala naye pansi n'kutembenuza imodziimodzi, bokosi lonse EPNS, EPNS, EPNS, mpaka iye anasiya kuyankhula. Pansi penipeni, kunsi kwa kansalu kaja, tinapeza kasupuni ka mchere kakang'ono ngati chala chankombaphala, kakuda bii, mkati mwake muli golide wofwifwa. Nditakapukuta ndi chala chachikulu kamkango kaja kanatulukira, pambali pake nangula. Masupuni enawo akudyera mpaka pano, kameneko anakakulunga mu tishu n'kukaika m'dirowa ina.