Pulagi ya kompuresa m'galaja: adaputa, ya 13A kapena soketi yakeyake?

Kompuresa yanga inachokera ku Johannesburg ili ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, ija ya 16A. Masoketi athu kuno ndi a mano amakona, a 13A, ndiye sinalowe. Njira zinalipo zitatu, ndipo zonse ndinadutsamo.

Adaputa ya pamsika ndiyo yotchipa, koma ndinaitaya msanga. Tsiku lina ndikupopa matayala ndinangomva fungo la pulasitiki, pozula ndinapeza dzino limodzi lada bii. Mano akamagwira molobodoka pamatentha, komanso maadaputa ena mkati mwake mulibe cholumikiza earth, waya woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Thanki ya kompuresa ndi yachitsulo, mumaigwira ndi manja, nthawi zina mutaponda ponyowa. Iyi isiyeni.

Kudula pulagi yakale n'kuika ya 13A kumathandiza ngati mota ndi yaing'ono. Pa magetsi athu a 230V, fyuzi ya 13A imanyamula pafupifupi 3kW, pamene mota ya 2HP (HP ndi muyezo wa mphamvu ya mota) ndi ya 1.5kW basi. Mukatsekula chivundikiro cha pulagiyo, waya wabulawuni apite kumanja kuli fyuzi, wabuluu kumanzere, wobiriwira ndi chikasu pamwamba pa dzino lalitali lija. Wa earth ameneyu musiyeni wotalikirapo, kuti chingwe chikakokedwa akhale womaliza kuzuka. Kachingwe kopanira kagwire chikopa chakunja cha kebulo, osati timawaya tam'kati, ndipo pasaoneke kopa aliyense wosuzumira pansi pa sikuluwu.

Vuto la njira imeneyi lili poyambira. Mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene imadya ikuyenda, ndiye ya 3HP, yomwe ndi 2.2kW, imaphulitsa fyuzi kawirikawiri, makamaka m'mawa wa mu Juni oyilo atalimba ndi kuzizira. Apa ndi pamene anzathu ena amakulunga fyuzi ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi imasiyadi kuphulika, koma chotsala kuti chipse ndi kebulo ndi denga.

Ine ndinathera pa soketi yakeyake: ija yabuluu ya 16A ya m'mafakitale, pa kebulo ya 2.5mm yochokera ku bokosi la ma breaker (maswichi amene amagwa okha magetsi akachuluka), yopanda china chilichonse cholumikizidwapo. Breaker ikhale ya mtundu C, chifukwa imapirira kukoka kwa kanthawi kofika kasanu mpaka kakhumi kuposa mlingo wake, pamene ya B imagwa pa katatu mpaka kasanu. Ndalama zimapitadi, ndipo ntchito ya m'bokosi ndi ya wamagetsi wokhala ndi chilolezo, osati ya screwdriver yanu. Muuzeni ayezenso earth ndi chozimitsa magetsi akamadontha. Galaja ikakhala patali ndi nyumba, kebulo angaikulitse.

Pali ziwiri zimene pulagi iliyonse singakonze. Ekisitenshoni yaitali yopyapyala imafooketsa magetsi, mota n'kumangong'ung'udza osadzuka, choncho talikitsani paipi ya mpweya m'malo mwa waya. Ndipo muzizimitsa pa batani la kompuresayo, osati pakhoma, kuti valavu itulutse mpweya wotsalira pamutu pa pampu, kaphokoso kaja ka "tsii". Magetsi akathima ili pakati pa ntchito, thamangirani batani lomwelo asanabwerere.