Ndemanga ya garaja yomwe inapeza chimene chimadya matayala a Sienta yanga

Ndimakhala ku Matawale, ndipo ntchito yanga imandiyendetsa kwambiri pa msewu wa M3, nthawi zina kulowera ku Limbe, nthawi zina ku Domasi ndi Malosa mpaka ku Liwonde. Galimoto yanga ndi Toyota Sienta, ndipo m'chaka chimodzi chokha ndinagula matayala akutsogolo kawiri. Tayala lakumanzere linkatha mbali ya m'kati mpaka waya kuonekera, pamene mbali yakunja inali ikadali ndi mano ake bwinobwino, moti munthu woliona ataima chapatali akanati ndi latsopano. Kumene ndinkagulako ankangondiuza kuti matayala a masiku ano ndi osalimba, ine n'kumakhulupirira.

Mnzanga wina woyendetsa takisi ndiye anandilozera garaja ina ya mu mzinda wa Zomba momwemuno, yomwe ili ndi makina a alayimenti, oyezera ndi kuwongola kaimidwe ka mawilo, ndipo ndikulemba ndemangayi patatha miyezi inayi chiikonzereni galimotoyo.

Chimene chinandigwira mtima n'choti amakaniko sanayambe ndi kunditchulira mtengo wa tayala. Anaikweza galimoto pa jeke, n'kundiitana kuti ndiyendetse chikhato changa pamwamba pa tayalalo kuchokera kunja kupita m'kati, kenako n'kubwerera. Popita linali losalala, koma pobwerera mano ake ankakanda ngati sowo. Iwo anati: "Bambo, tayala ili silikugudubuzika mowongoka, likukwekwerezeka cham'mbali pa phula. Mukagula lina lero, lidyekanso chimodzimodzi." Atatero anagwira wilo mbali zonse ziwiri n'kuligwedeza, ndipo ndinamva ndekha kugogoda kochokera pa tie rod end, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi wilo. Mphira wotchinga fumbi unali utang'ambika, girizi yense atatuluka. Anapezanso kuti bushi imodzi (kamphira ka pamfundo) ya control arm, chitsulo chogwiriziza wilo ku thupi la galimoto, inali yong'aluka. Ndinakumbukira pomwepo dzenje lomwe ndinagweramo usiku wina nthawi ya mvula chakufupi ndi Thondwe, ndipo poti kuno timayenda kumanzere, wilo lakumanzere ndi lomwe limakumana kwambiri ndi m'mphepete mokumbika mwa msewu tikamapatukira njinga za kabaza ndi malole.

Anandifotokozeranso mmene kadyekedwe ka tayala kamaululira vuto lake. Likatha m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, ndiye kuti limayenda ndi mpweya wochepa. Likatha pakati pokha, ndiye kuti limapopedwa mopitirira muyezo. Likakhala ndi malo okumbika apo ndi apo kuzungulira lonse, kawirikawiri ma shock atha kapena wilo silinachitidwe balansi, komwe ndi kulinganiza kulemera kwake kuti lizizungulira mosanjenjemera. Matayala anga akumbuyo anali atayamba kudyeka m'mbali zonse ziwiri, ndipo geji inaonetsa 1.6 bar, muyezo wotsika poyerekeza ndi umene walembedwa pa kapepala komata pa chitsulo cha chitseko cha dalaivala. Kapepalako ndinali ndisanakawerengepo, chifukwa ndinazolowera kumenya tayala ndi phazi n'kumati lili bwino.

Ndikuwayamikira kwambiri chifukwa anakana kuchita alayimenti asanasinthe zitsulo zakuthazo, ngakhale ndinawapempha kuti angoiwongola kaye kuti ndipulumutse ndalama. Anati kuwongola mawilo pamene chitsulo chikugwedera n'kungotaya ndalama, popeza muyezowo usokonekera galimoto isanafike n'komwe ku Chinamwali. Poyamba ndinaona ngati akufuna kuchulukitsa ntchito, koma kugogoda kuja ndinali nditakumva ndi makutu anga, choncho ndinavomera.

Pali ziwiri zomwe sizinandisangalatse. Anandilonjeza kuti galimoto ituluka tsiku lomwelo, koma zipangizo analibe, anachita kuziitanitsa ku Limbe, ndipo zitafika magetsi anazima, makina a alayimenti osagwira ntchito, moti galimoto inagona masiku awiri popanda wondiimbira foni kundidziwitsa. Chachiwiri n'choti manambala a alayimenti anangondionetsa pa kompyuta osandisindikizira papepala, pamene ine ndikanakonda kuwasunga kuti ulendo wina tidzakhale ndi poyerekezera.

Pa nkhani ya mtengo sindikudandaula. Zipangizo, ntchito, alayimenti ndi balansi, zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa matayala awiri atsopano, ndipo zitsulo zakale anandibwezera m'manja kuti ndione kuti zasinthidwadi. Tayala loonekera waya lija linayenera kutayidwa. Nditafunsa za matayala akaunjika, sanandiletse, koma anandionetsa manambala anayi omwe amakhala kumapeto kwa chilembo cha DOT m'mbali mwa tayala, awiri oyamba osonyeza sabata ndipo awiri omaliza chaka chomwe linapangidwa. Limodzi mwa omwe ndinkafuna linali ndi 2316, kutanthauza sabata ya 23 ya 2016, ndipo ngakhale mano ake anali ooneka bwino, mphira wake unali ndi timing'alu. Ndinasankha kugula awiri atsopano. Anandionetsanso timizere todutsa m'ngalande za tayala, tomwe timafanana ndi mano akatsala mamilimita 1.6, chizindikiro choti tayalalo latha.

Chikonzereni ndayenda makilomita oposa 6,000, kuphatikizapo maulendo awiri okwera msewu wokhotakhota wa ku Ku Chawe. Chiwongolero chimaima pakati, galimoto sikokeranso kumanzere, ndipo ndikayendetsa chikhato pa matayala akutsogolo sindimvanso kukanda kuja. Mpweya ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe, milungu iwiri iliyonse. Anandiuza kuti ndidzabwerere ndikakwanitsa makilomita 8,000 kuti akasinthanitse akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo ndidzapitadi komweko, koma ulendo uno ndidzayamba ndafunsa pafoni ngati makina awo akugwira ntchito tsikulo.