Merlin Bird ID pa nyengo ya mbalame za ulendo: ku Chilwa ndi kuchipululu cha Arava

Mvula ikayamba kukata m'mwezi wa Marichi, anamzeze amadzazana pa mawaya a magetsi kuyambira ku Matawale mumzinda wa Zomba kutsikira kudambo la Chilwa. Ambiri mwa iwo ndi alendo, mtundu wa Barn Swallow, wa pakhosi pofiirira ndi mchira wa mphanda, umene umafika kuno cha mu Okutobala kuthawa chisanu cha ku Ulaya ndi ku Asia. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamakhalira kudya tizilombo kuti kanone, chifukwa kutsogolo kuli chipululu: Sahara kwa zodzera kumadzulo, Sinai ndi Arabia kwa zodzera kum'mawa. Masabata amenewa, kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Epulo, ndi ovuta kwa aliyense wofuna kuzindikira mbalame, ndipo ndi pamene pulogalamu ya pa foni ya Merlin Bird ID imaonekera bwino mphamvu zake ndi pomwe imaperewera.

Merlin ndi ya Cornell Lab of Ornithology ya ku America. Inatuluka mu 2014, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imagwira pa Android ndi pa iPhone. Pofika 2023 inali ndi mitundu ya mbalame yoposa 10,000, za ku Malawi zili momwemo. Nzeru zake imazitenga ku eBird, nkhokwe imene oonerera mbalame amatumizako mindandanda ya zomwe aona. Kumene anthu atumiza zambiri, Merlin imadziwa zambiri. Kumene atumiza zochepa, ngati kuno kwathu, imayenda mofufuza.

Ntchito yoyamba ichitikire m'tauni. Mukaika pulogalamuyi imafuna imelo, kenako mupange dawunilodi phukusi la mbalame za dera lathu. Phukusili ndi lalikulu chifukwa muli zithunzi ndi mawu a mbalame iliyonse, choncho pezani WiFi, bandulo yaing'ono ithera panjira. Mukatero, zimitsani data ndipo mutsegulenso pulogalamuyo kuti muone ngati zithunzi zikutuluka. Ambiri amadumpha apa, n'kukazindikira ali kale pa doko la Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, kumene netiweki imabwera ndi kupita bwato likangolowa mu njedza.

Njira yosavuta ndi ya mafunso asanu: munaiona kuti, liti, ndi yaikulu bwanji, mitundu ya nthenga zake ndi yotani, inkachita chiyani. Pa kukula pali zithunzi zinayi zofananizira, mpheta, mbalame yoposa pumbwa pang'ono, khwangwala ndi tsekwe. Pa mitundu mumasankha yosaposa itatu. Kwa mbalame yowala ngati European Bee-eater, ya pakhosi pachikasu ndi msana wofiirira, njirayi imalondola msanga. Koma pa timbalame ta m'matope ta ku Chilwa siipita patali, chifukwa tonse ndi totuwa kumsana, toyera kumimba, toyenda m'madzi osaya. Mukayankha choncho ikupatsani mndandanda wautali, ntchito n'kubwerera kwa inu.

Apa m'pamene zithunzi za mu Merlin zimakhala za phindu, bola mudziwe choyang'ana. Common Sandpiper imagwedeza matako osalekeza ndipo choyera cha kumimba chimakwera ngati kamphero kutsogolo kwa phiko. Wood Sandpiper ili ndi mzere woyera pamwamba pa diso, madontho kumsana ndi miyendo yonkera kuchikasu. Common Greenshank ndi yaikulupo, mlomo wake wokhuthala ndi wopindikira m'mwamba pang'ono, pamene Marsh Sandpiper mlomo wake ndi woonda ngati singano. Little Stint ndi kakang'ono ngati mpheta, miyendo yakuda. Ruff ndiye amasokoneza kwambiri, popeza yaimuna imaposa yaikazi kutalitali, moti m'gulu limodzi mumaona ngati mitundu iwiri.

Cholakwika chachikulu nyengo ino chimachokera ku nthenga. Mbalamezi zili mkati mothothola za nthawi yopuma n'kumera za nthawi yoswana. White-winged Tern mu Disembala imakhala yotuwa ndi yoyera, koma pofika Epulo zina thupi lada bii, mapiko ali mbuu, ndipo zambiri zili pakati, mawangamawanga. Chithunzi choyamba chimene Merlin imaonetsa kawirikawiri ndi cha mbalame yovala bwino ya nthawi yoswana. Musakane dzina chifukwa cha chithunzi chimodzicho. Sunthani chala muone zonse, makamaka zolembedwa kuti nonbreeding (za nthawi yopuma) ndi immature (zosakhwima).

Gawo la Photo ID, lozindikira mbalame pa chithunzi, ndi limene timaliyamikira koposa, ndipo limagwira ngakhale popanda netiweki. Foni payokha siikoka mbalame ili patali, ndiye gundanitsani kamera yake ndi diso limodzi la ma binoculars, zigongono zitatsamira pa bondo kapena m'mphepete mwa bwato, ndipo mujambule kasanu kapena kakhumi. Amene ali ndi kamera yaikulu angathe kujambula sikirini ya kamerayo ndi foni. Kenako kulitsani chithunzi mpaka mbalame idzaze bokosi, ndipo tsimikizani tsiku ndi malo. Ikalakwa, zifukwa zake zimakhala zodziwika: mbalame yapenya kumbali moti mlomo sukuoneka, miyendo yamira kapena yapakika matope, dzuwa lili kumbuyo kwake, kapena m'bokosimo mwalowa mbalame ziwiri. Ku Kachulu m'mawa dzuwa limatulukira kunyanja, kotero woima pa doko amajambula mithunzi yokhayokha. Uzani mwini bwato akutulutseni pang'ono n'kutembenuka, muziyang'ana chakumtunda dzuwa lili kumsana kwanu.

Pambali pa dzina nthawi zina pamabwera kadontho kofiira, kusonyeza kuti mbalameyo ndi yosowa pamalopo nyengo imeneyo, kapena theka la kadontho kachikasu chofiirira, kusonyeza kuti siioneka kawirikawiri. Ku Zomba zizindikirozi muzizitenga mosamala. Chilwa ndi dambo lodziwika padziko lonse, lili pa mndandanda wa madambo ofunika wotchedwa Ramsar ndipo UNESCO inalizindikira mu 2006, koma otumiza mindandanda ndi ochepa, ndipo nyanjayi imasintha. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, kenako inasefukira pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023. Chaka chimene matope atambalala timbalame ta m'matope timachuluka, chaka chimene madzi afika m'minda timamwazika. Merlin siidziwa kuti madzi ali pati chaka chino, koma asodzi a matemba ndi makumba amadziwa.

Sound ID, yomvetsera kulira, inabwera mu 2021 ndipo inayambira ku America isanafike ku Ulaya ndi madera ena. Zotsatira zake n'zoti kuno alendo imawadziwa kuposa eni mudzi. Willow Warbler amene amayamba kuimba m'mitengo asananyamuke, Great Reed Warbler wokokoma m'bango, kapena gulu la European Bee-eater likudutsa m'mwamba, imakhala ndi mwayi wabwino wozitchula. Mukakwera ku Zomba Plateau kufuna Yellow-throated Apalis, mbalame yopezeka ku Malawi kokha, musaidalire. Ingathe kukhala chete kapena kupereka dzina la mbalame ina. Imani phee, musalankhule, lozetsani maikolofoni kumene kukuchokera mawu kwa mphindi imodzi, kenako fananizani zomwe mwajambula ndi mawu osungidwa mu pulogalamumo. Achule, mphepo ya mu njedza ndi injini ya boti zimaisokoneza. Ndipo chonde, mawu osungidwawo musamaziimbire mbalame kuti zibwere pafupi. Mafuta amene zikusunga ndi a ulendo wa m'chipululu.

Kwa amene angafike kuchipululu cha Arava, kaya pa ulendo kaya ali ndi m'bale wogwira ntchito m'minda ya kum'mwera kwa Israel, Merlin imakhala yamphamvu chifukwa mindandanda ya kumeneko ndi yochuluka zedi. Tauni ya Eilat ili pa nsonga ya nyanja ya Aqaba, pothera chigwa cha Arava. Mbalame zazikulu zouluka mongotambasula mapiko, monga adokowe ndi ziombankhanga, zimakwera pa mpweya wotentha wochokera pansi, umene pamwamba pa nyanja kulibe, choncho zimapanikizana pa kamtunda kolumikiza Africa ndi Asia. Zimadutsa motsatana: Steppe Eagle kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Marichi, Steppe Buzzard kumapeto kwa Marichi ndi kuyamba kwa Epulo, Levant Sparrowhawk kumapeto kwa Epulo, European Honey Buzzard kuyamba kwa Meyi. Timizere ta miyezi timene Merlin imaonetsa pansi pa dzina lililonse timagwirizana bwino ndi ndondomekoyi, bola mukumbukire kusintha malo ndi kutenga phukusi la derali.

Mavuto a kumeneko ndi ena. Ziombankhanga zimanyamuka m'mapiri dzuwa likayamba kutentha, ndipo pakangopita ola limodzi kapena awiri zimakhala timadontho kumwamba. Photo ID siingachite kanthu ndi kadontho, ndipo Steppe Buzzard ilipo yofiirira, yotuwa ndi yakuda, moti chodalirika ndi kaumbidwe ka mapiko ndi mchira, osati mtundu wa nthenga. Dzuwa likakwera mpweya wa pamwamba pa mchenga umanjenjemera, zithunzi za mbalame za m'maiwe a mchere zimatuluka zosungunuka, ndiye jambulani m'mamawa. Timbalame tating'ono timauluka usiku, masana timabisala pa mthunzi wa mitengo ya minga titatopa, ndipo tambiri sitiimba, kotero Sound ID imasowa chogwira. Musatiyandikire mpaka kutiulutsa. Foni nayo ikatentha imachepetsa kuwala kwa sikirini yokha, mwinanso kutseka kamera. Isungeni m'thumba la nsalu yoyera, musaisiye kutsogolo kwa galimoto, musaitchaje ili padzuwa, ndipo madzulo chotsani fumbi potchajira ndi pa maikolofoni.

Kaya ku Chilwa kaya ku Arava, GPS ndi Sound ID zimadya batire, choncho power bank ya 10,000 mAh ndi yofunika pa tsiku lathunthu, pamodzi ndi kathumba kapulasitiki kotseka bwino ngati mukukwera bwato. Maina a Chichewa mulibe, muzilemba nokha m'kabuku zomwe mwini bwato akukuuzani pambali pa dzina la Chingerezi. Batani lotsimikizira dzina, lakuti This is my bird, muzilidina pokhapokha mwaona zizindikiro ziwiri kapena zitatu ndi maso anu. Mukafika kunyumba tumizani mndandanda wanu ku eBird, mutalemba malo, nthawi yoyambira, mphindi zimene munakhala ndi chiwerengero cha mtundu uliwonse. Kambalame ka m'matope kamene simunakatsimikize musakapatse dzina mongoganiza, eBird imalola kukalemba kuti shorebird sp., kutanthauza kambalame ka m'matope kosadziwika dzina.