Michiru kapena Mulanje: Kumene Ophunzira a mu Blantyre Angakapumire

Ophunzira a ku sukulu za ukachenjede za MUBAS ndi KUHeS mu Blantyre amene akufuna kukapuma kuphiri angasankhe pakati pa Michiru ndi Mulanje. Phiri la Michiru lili kufupi ndi Chilomoni, kotero munthu angathe kunyamuka m'mawa, kukwera mpaka pamwamba, n'kubwerera dzuwa lisanalowe, ndipo ulendowu sudya ndalama zambiri.

Ulendo wa ku Mulanje umafuna kukonzekera. Phirili lili pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera ku Blantyre, ndipo nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Anthu ambiri amayambira ku Likhubula, amalemba wowatsogolera njira, ndipo amagona m'nyumba za paphiri monga za Chambe, Lichenya ndi Chisepo, kumene amadziphikira okha pamoto. Chifunga cha chiperoni chimatha kugwa mwadzidzidzi n'kubisa njira, choncho kukwera popanda wotsogolera n'kuika moyo pachiswe.

Ine ndikuona kuti amene sanakwerepo phiri ayambe ndi Michiru, koma amene ali ndi masiku atatu, nsapato zolimba ndi zovala zamphepo apite ku Mulanje pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula itatha.