Kuwakonza mawu kapena kuwapatsa kope la zithunzi?

Agogo anga a ku Luchenza, amene anathyola tiyi zaka zambiri ku Thyolo, anayamba kunena "chiwepa" pofuna chipewa. Sitiroko imagwa tsiku limodzi, koma izi zinadza pang'onopang'ono. Madokotala amati primary progressive aphasia, matenda amene dokotala wa ubongo, Marsel Mesulam, anawafotokoza mu 1982, pamene mbali ya ubongo yosunga chilankhulo, kawirikawiri ya kumanzere, imafota.

Pakhomo tinayesa njira ziwiri. Amalume ankawakonza: "Nenaninso, mayi, chi-pe-wa." Kubwereza mawu ofunika, monga mayina a zidzukulu, kumathandiza ndithu matenda akadali poyambira. Koma agogo ankadziwa bwino chimene akufuna, mawuwo ndi amene ankasokonekera potuluka. Akawakonza kachitatu ankangoyang'ana pansi, n'kukhala chete mpaka madzulo. Zinkandipweteka mtima.

Ine ndinamata zithunzi m'kope la sukulu: ndowa, mbaula, mankhwala, tchalitchi. Akakakamira, amaloza, ife n'kuyankha. Kopeli silibweza mawu otayika, ndipo poyamba ankachita nalo manyazi pamaso pa alendo. Komabe matendawa amakulirakulira, choncho ndi bwino kulizolowera msanga. Dzulo analoza chithunzi cha nthochi, n'kundituma kumsika.